Ndinalipira ndalama ya mbuzi zitatu kuti ndikabire pansi pa nyanja ku Bazaruto

Chiyikireni pa WhatsApp kachithunzi kaja ndili ndi botolo kumsana foni yanga sikupuma. Ena akuti ndikuoneka ngati ndikupita kukapopera mankhwala m'dimba la kachewere, ena akuti ndi zopanga pa kompyuta, msuweni wanga wa ku Domwe nde anachita kundiimbira kufunsa ngati ndalowa usilikali kkkk. Nde ndati bola ndingolemba kamodzi n'kamodzi mmene zinayendera, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti wofuna kukataya ndalama yake akataye akudziwa.

Mundidziwe kaye. Ine ndine wa ku Ulongwe, geni yanga ndi ya kachewere, ndimakweza matumba kupita nawo ku Moatize ndi ku Tete. Madzi amene ndimawadziwa ndi a pachitsime, ndi a Zambezi amene ndimawaonera pa mlatho wa Samora Machel ndili m'galimoto, ndipo kwathu kuno tonse tinakula ndi lamulo limodzi, madzi akuya ndi a ng'ona ndi mvuu, iwe ako ndi a m'chidebe. Kusambira ndimatha kwa agalu kuja, mutu m'mwamba manja phaphapha. Musaganize kuti walemba izi ndi katswiri ayi.

Amene anandiputa ndi alamu anga, alongo awo a mayi a kunyumba, akugwira ntchito ku Vilankulo, tauni ya kugombe yoyang'anizana ndi zilumba za Bazaruto, chaka chachitatu tsopano. Tsiku ndi tsiku kumangotumiza zithunzi za nyanja, amvekere "alamu bwerani mudzaone dziko, Mozambique sathera pa Moatize." Mpaka ndinagonja pa holide ya 25 September. Mayi a kunyumba nditawauza kuti kumeneko ndikalowa pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya, anasiya kaye mthiko n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndiye kuti bambo a mwana mukukalipira kuti mukamire? Anzanu amalipira kuti awavuule, inu mukalipira kuti akumizeni?" Ndinasowa poyankha.

Za ulendo sinditaya nthawi, ndi wautali basi. Chapa kutsikira ku Tete, kugona pamenepo ndi kutentha kuja, m'bandakucha kukwera basi ya ku Maputo, Changara, Guro, Catandica, Chimoio, pa Inchope n'kukhotera kummwera mu EN1. Kuchoka pa Inchope kukafika ku mtsinje wa Save nde pothyola msana, maenje ena mukhoza kubzalamo nthochi. Mumatsikira pa Pambarra n'kukwera chapa ina makilomita ngati 20 kulowa m'tauni. Ndinafika usiku miyendo itatupa.

Mashopu otengera anthu kokabira alipo angapo m'mbali mwa gombe. Eni ake amati mergulho, azungu amati scuba diving, ife tingoti kubira. Dzina la yomwe ndinapitako sinditchula poti pali zina ndidandaule, ndipo sindikufuna kuthira mchenga mu nsima ya mnyamata amene anandisamalira bwino.

Poyamba penipeni anandikhumudwitsa. Ndinawalembera ndili kumudzi mu Chipwitikizi chabwinobwino, masiku awiri zii. Alamu atalemba mu Chingerezi yankho linabwera ola lisanathe. Mmm. Mtengo anatumiza mu madola ngati tili ku America, ndinachita kumachulukitsa ndi 64 pa foni kuti ndidziwe mu metikali ndi zingati, zitatuluka ndinayamba ndaika foni pansi. Kunena mosabisa tsiku limodzi limenelo linandidyera ndalama yogulira mbuzi zitatu zonenepa, osawerengera basi ndi chakudya cha m'njira.

Titafika pa shopupo, mayi amene anali pa kauntala asanatipatse n'moni womwe anatifunsa kuti tabweretsa chiyani, ndipo ngati ndi nsomba tizungulire kuseri. Ine ndi alamu tinangoyang'anizana. Alamu amvekere "mana, tabweretsa ndalama, kaya nayonso imalowera kuseri?" Anachita manyazi, kupepesa kangapo, mipando inapezeka pompo ndi madzi ozizira omwe, koma kanthu kaja kanali katalowa kale mumtima. Sindikuti mayiyo ndi woipa, ndi mnzathu ngati ife tomwe, kungoti maso ake anazolowera kuti munthu wakuda akafika pamenepo ndiye kuti akugulitsa nkhanu kapena akufuna ganyu. Ndipo mawa lake m'boti, pa alendo 8, a m'dziko muno tinalipo awiri, ine ndi alamu basi.

Kenako anatipatsa fomu ya zaumoyo, nayonso Chingerezi chokhachokha, china chondinyansa chimenecho, chifukwa pepala lonena za moyo wa munthu lizilembedwa m'chilankhulo chimene munthuyo akumva. Apa mpamene anatulukira mlangizi wathu, kamnyamata kowonda ka zaka mwina 28, mwana wa msodzi wa konko, kwawo amayankhula Xitswa koma Chipwitikizi ndi Chingerezi zikutuluka ngati madzi. Anakoka mpando n'kutiwerengera funso limodzilimodzi, muli ndi mphumu? vuto la mtima? BP? khunyu? munachitidwapo opaleshoni ya m'khutu? muli ndi chimfine lero? Ine zonse ayi. Alamu pa mphumu anati eya koma ndi yapang'ono, imangobwera nthawi ya fumbi, n'kutulutsa kampope kawo m'thumba kuonetsa kuti alibe nkhawa. Mnyamata uja anangotseka cholembera. "Tiyu, pepani, popanda kalata ya dokotala inu sinditsika nanu."

Heee alamu anapsa mtima! Ati ine ndi amene ndabweretsa kasitomalayu kuchoka ku Angónia, ndakhala m'tauni muno zaka zitatu, lero mundikaniza? Mnyamata osatekeseka, anatenga pepala n'kujambula chibaluni. Akuti pamtunda pano mpweya umatipanikiza mlingo umodzi, ukatsika mamita 10 m'madzi kupanikizako kumakhala kawiri, ndiye mpweya umene wapuma uli pansipo ukamakwera umafufuma mpaka kuwirikiza kawiri. Ngati njira za m'chifuwa zatsekeka, monga imachitira mphumu, mpweyawo umasowa potulukira ndipo mapapo amatha kung'ambika. Alamu anangoti duu. Anawasinthira ku gulu losambira pamwamba ndi kapaipi kopumira kaja, ndalama yotsala anawabwezera pa M-Pesa tsiku lomwelo osakangana.

Ine ndikuuzeni, pamenepa mpamene ndinayamba kuwakhulupirira anthu amenewa. Ndine wa bizinesi, ndimadziwa kuwawa kwake kobweza ndalama yomwe yalowa kale m'thumba. Munthu amene wakana ndalama kuti wina asafe, ameneyo ndikhoza kumupatsa dzanja langa.

Masana a tsiku limenelo tinaphunzira pa dziwe losambiramo, madzi ofika m'chifuwa. Zovala zake ndi katundu ndithu. Suti ya labala yothina ngati mwalowa m'chubu cha njinga, yanga inali yong'ambika pakhwapa ndipo imanunkha chinyontho, ameneyo ndi mlandu wina wa shopu. Jekete imene imagwira botolo, ili ndi mabatani awiri, lina lopopera mpweya kuti uyandame lina lophwetsa kuti utsike. Lamba wa zitsulo za mtovu m'chiuno, poti thupi la munthu ndi suti ija zimakana kumira makamaka m'madzi a mchere. Magalasi otseka maso ndi mphuno, nsapato zazitali ngati mapazi a bakha, ndi choluma pakamwa chopumira chimene amati regyuleta. Ine ndinkayesa m'botolomo muli okosijeni wa kuchipatala, ayi ndithu, ndi mpweya wamba womwe tikupumawu angoupanikiza mpaka 200 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), ndipo pali kawotchi kokuuza kuti watsala wochuluka bwanji.

Malamulo anandibwereza mpaka kutopa nawo. Loyamba, usagwire mpweya, uzingopuma osalekeza, chifukwa cha chibaluni chija. Lachiwiri makutu, ukamatsika uzitsina mphuno n'kuuzira pang'onopang'ono mpaka m'khutu muchite thu, monga mmene amachitira makutu ukamatsika mapiri a kwathu kupita ku Tete koma kuwirikiza, ndipo usadikire kuti apweteke kaye. Lachitatu, osagwira kanthu kalikonse pansipo. Kenako zizindikiro za manja poti kulibe kuyankhula. Apa nde ndinaseketsa anthu, iye akandifunsa ngati zili bwino ine kumakweza chala chachikulu monga timachitira tonse, osadziwa kuti kumeneko chala chachikulu m'mwamba ndiye kuti ndikufuna kutuluka. Zili bwino ndi kupanga kabowo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Anandikweza pamwamba kawiri konse akuyesa ndavutika.

Chovuta kwambiri chinali kulowetsa madzi dala m'magalasi n'kuwatulutsa pouzira ndi mphuno uli pansi. Ulendo woyamba madzi atangokhudza mphuno ndinadzambatuka ngati ndaponda moto, kutsokomola, misozi mbwembwembwe. Ndinalephera kanayi. Azungu awiri amene timaphunzira nawo anali atamaliza kalekale akuwothera dzuwa, ine manyazi, ndinayamba kunena kuti basi zandikanika ndikakhale ndi alamu pamwamba. Mnyamata uja sanaseke, sanayang'anenso wotchi. Amvekere "tiyu, madzi alibe changu, changu muli nacho ndinu." Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu awiriwiri mpaka zinatheka. Ola limenelo sanandilipiritse.

Mawa lake anati tifike 7 koloko, tinanyamuka cha m'ma 9. Mbali ina si vuto lawo, nyanja ya ku Vilankulo imaphwa modabwitsa, madzi amathawa kutali maboti n'kutsala atakhala pamchenga ngati ng'ombe zogona, ndiye amadikira abwerere. Koma poti iwo nthawi ya madzi amaidziwa kale, bwanji osangotiuza 9 koloko yomweyo tigoneko? China, tili pagombe mpamene anatiuza kuti pali ndalama ina yolowera mu paki ya zilumba za Bazaruto yomwe sinali pa mtengo uja, ndipo ikufunika ya m'manja. Mwayi alamu anali nayo. Apa langizo, tengani BI yanu, chiphaso cha unzika chija, nzika za dziko lino zimalipira yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja.

Ndalama ya paki yokhayo sindidandaula nayo. Zilumba zimenezi zilipo zisanu, Bazaruto chachikulu, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono ka Bangué, ndipo zinakhala malo otetezedwa kuyambira 1971, makamaka pofuna kusunga akamba a m'nyanja ndi nyama ina yotchedwa dugong, chinyama chonenepa chodya udzu wa pansi pa nyanja ngati ng'ombe, chimene kugombe lonse la kum'mawa kwa Africa chatsala pang'ono kutha ndipo gulu looneka latsala konkuno. Ife sitinachione. Kuyambira 2017 pakiyi akuyendetsa a African Parks mogwirizana ndi ANAC, nthambi ya boma yoyang'anira malo otetezedwa, ndipo pamalo pamene timapita, pa Two Mile Reef, kuwedza n'koletsedwa. Ukafika pansi mpamene umamvetsa kuti kuletsako kumabala chiyani.

Boti linali la labala la mainjini awiri, mumakhala m'mphepete mapazi mutakoletsa m'zingwe. Ndisanakwere ndinaona woyendetsa akulowetsa bokosi la okosijeni wa ngozi ndi wailesi, ndinafunsa dala, safunsa anadya phula. Mpaka kukafika pakati pa Bazaruto ndi Benguerra nyanja inali bata, madzi obiriwira owala mpaka kuona mchenga pansi. Koma potulukira pampata wa zilumba ziwirizi kupita kunyanja yaikulu, abale inu, mafunde ake amachokera uku ndi uku, boti kumadumpha n'kumenyetsa pansi phaa, matabichu anga onse a buledi ndi mazira ndinawapereka kwa nsomba. Alamu kuseka mpaka nawonso zinawapeza. Mapiritsi a mseru amagulitsa ku famasi, a shopu akanatiuza dzulo lake. Mthunzi m'botimo mulibenso, tengani chipewa chomanga ndi kapulana.

Tsopano kulowa m'madzi. Umakhala m'mphepete mwa boti, kumbuyo kuli nyanja, dzanja limodzi litagwira magalasi ndi regyuleta, akawerenga mpaka 3 umadzigwetsa chagada. Munthu wamkulu ndi ana anga atatu, kudzigwetsa chagada m'nyanja ya Indian dala. Ndinapemphera kaye. Chubwi! thovu lokhalokha, kumwamba ndi pansi osadziwika, kenako jekete inandibweza pamwamba ndipo mnyamata uja anali kale pamaso panga akundifunsa ndi kabowo ka zala kaja.

Mamita atatu oyamba ndi amene anali ankhondo. Khutu lamanzere linakana kutseguka, kupweteka ngati akulowetsamo msomali, mtima uli thithithi, mpweya ndikuukoka ngati ndikuthamangitsidwa ndi agalu, ndipo mutu unangondiuza chinthu chimodzi, tuluka. Ndinakweza chala chachikulu, ulendo uno dala. Iye anandigwira pa jekete, anandikweza pang'ono chabe mwina mita imodzi, n'kuloza maso ake kuti ndiziyang'ana iyeyo basi, kenako dzanja lake kumalikweza ndi kulitsitsa pang'onopang'ono kuti ndizipuma motsatira dzanjalo. Kukoka. Kutulutsa. Kukoka. Kutulutsa. Ndinatsina mphuno, khutu lija linalira tswii kenako thu, ululu n'kutheratu. Anandiyang'anabe osaphethira mpaka ndinapanga kabowo ndekha. Pamenepo mpamene anandilozera pansi.

Abale, ndakhala ndikufufuza mawu ake sabata yonseyi. Tangoganizani msika wa Ulongwe tsiku lodzadza, koma aliyense wavala kapulana yatsopano, aliyense akuuluka, ndipo palibe akuyankhula. Nsomba zachikasu mazanamazana zikutembenuka pamodzi ngati wina waziimbira wezulo, zamizeremizere ngati mbidzi, zina zabuluu wowala ngati magetsi a pa chapa, zina zingoima njo kukuyang'ana m'maso osathawa n'komwe, poti sizinaonepo mbedza. Kwathu nsomba timaidziwa ili pa mbale kapena itauma pa thandala, kuiona ili pakhomo pake ikupanga zake ndi nkhani ina.

Ndipo makorali aja amene ndinkayesa ndi miyala kapena mitengo, ena ngati nyanga za gwape, ena ngati tebulo, ena ozungulira okhala ndi mizere ngati bongo wa mbuzi, ena ofewa akugwedezeka ngati mapira kukamawomba mphepo, si miyala, ndi tizilombo tamoyo ting'onoting'ono miyandamiyanda, tambiri mwa timeneti timamanga nyumba za laimu n'kumakhala pamwamba pake, mibadwo ndi mibadwo kumangosanjikiza. M'matupi mwawo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimawapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa komanso kuwapatsa mtundu, nchifukwa chake amamera m'madzi ofunda, oyera ndi osaya kwambiri. Madzi akatentha mopitirira amazitaya nderezo n'kuyera mbuu ngati mafupa, zikapitirira amafa. Ena amakula sentimita imodzi yokha pa chaka. Nde ukaponda ndi phazi la bakha lija n'kuthyola kanthambi, wathyola ntchito ya zaka. Mzungu wina wa m'gulu lathu anatambasula dzanja kuti agwire, mnyamata uja anamumenya kambama pa dzanja pomwepo, osaona nkhope. Ndinasangalala kkkk.

Tinatsika mpaka mamita 11 kapena 12, malire a munthu woyamba ndi 12. Kumeneko ndinaona chodabwitsa pa thupi langa lomwe. Ndinali nditadzicheka pang'ono pachala ndi chitsulo cha lamba tili m'boti, nde nditayang'ana ndinaona pakutuluka kautsi kobiriwira moderako. Magazi anga obiriwira! Ndinayesa ndalodzedwa. Titatuluka anandifotokozera kuti madzi amameza mitundu, wofiira ndi umene umayamba kusowa ukangotsika mamita ochepa, nchifukwa chake pansi zonse zimakokera ku buluu. Komanso magalasi aja amakulitsa zinthu, chilichonse chimaoneka chachikulu ndi chapafupi kuposa mmene chilili, ndiye asodzi a nkhani ngati ine tizichotserako pang'ono pofotokoza.

Pali nsomba ina yobiriwira ya mlomo ngati wa chinkhwe, imeneyo ndinaitsatira nthawi yaitali. Imaluma korali khwerr khwerr, phokoso lake umalimva bwinobwino, ikasambira pang'ono n'kutulutsa kumbuyo kamtambo koyera. Kameneko ndi mchenga. Ndiye kuti mbali ina ya mchenga woyera mbee umene alendo amagonapo n'kumajambulitsa ndi chimbudzi cha nsomba, alamu nditawauza anadzuka pamene anagona. Tinaonanso chinsomba chonga njoka chitasuzumira pa una kukamwa kuli yasa yasa, ndi ina ya minga yambiri ngati nungu imene anandichenjeza ndi manja kuti ndiitalikire poti minga yake ili ndi ululu.

Koma wondigwira mtima anali kamba. Mnyamata anandikoka pa mkono n'kundigoneka bata pafupi ndi mchenga, n'kuloza pansi pa korali ya tebulo. Ine osaona kanthu. Analozanso, dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, patapita kanthawi chimene ndinkayesa mwala chinatukula mutu, chikamba chachikulu ngati beseni lochapira, chinatiyang'ana ndi diso la nkhalamba yotopa ndi milandu, kenako n'kunyamuka mwaulesi, miyendo yakutsogolo ikupalasa ngati mapiko, kukwera kupita kokapuma mpweya pamwamba. Kamba wa kwathu timamuseka kuti ndi wochedwa, ameneyu amauluka.

Tili pomwepo ndinayamba kumva kulira kwina, ngati ng'ombe ikulira kutali m'chigwa kenako ngati chitseko cha dzimbiri, osadziwa kukuchokera mbali iti poti m'madzi phokoso limathamanga kuposa kanayi mmene limathamangira mumpweya, makutu amasokonezeka. Mnyamata analoza khutu lake n'kutambasula manja onse kusonyeza chinthu chachikulu. Anangumi. Miyezi ya July mpaka October amabwera kuchokera kumadzi ozizira a kummwera kwenikweni kudzaswana m'madzi ofunda a kuno, ndipo amphongo ndi amene amaimba. Sitinawaone ndi maso tili pansi, koma nyimboyo imachita kukunjenjemeretsa m'chifuwa. Tsitsi linandiima m'kati mwa suti.

Chokhumudwitsa n'chakuti mpweya wanga unatha msanga, ndipo mlandu ndi wanga. Wamantha amapuma kawiri, komanso ukakhala pa mamita 10 kupuma kulikonse kumadya mpweya wowirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda. Kawotchi katafika pa 50 bar anandilozera kuti tizikwera, mphindi 32 zokha, anzathu ozolowera anakhala pafupifupi 50. Kukwera kwakenso si kothamanga, pa mamita 5 tinaima mphindi 3 tikungolendewera, kuti naitulojeni amene walowa m'magazi atuluke mwaulemu, apo ayi amachita thovu m'thupi ngati Fanta yotsegula mwadzidzidzi. Nkhani yomweyi ndi imene amaletsera kukwera ndege ukangobira kumene, pamafunika padutse maola osachepera 12, ukabira kangapo 18, ambiri amangoti tsiku lathunthu. Ndinafunsa za mapiri a kwathu poti Angónia ndi kumtunda, anati nkhani yake ndi yofanana, osathamangira kukwera mapiri tsiku lomwelo, koma ndi kutalika kwa ulendo wa basi ine ndinalibe vuto.

Nkhomaliro tinadyera pa chilumba cha Bazaruto, kumunsi kwa chimulu cha mchenga chachitali ngati phiri. Mpunga, nkhanu, nsomba yowotcha ndi saladi, zokoma ndithu koma kwa munthu wa nsima amene wasanza m'mawa zinangofika pakhosi. Tinakwera chimulucho mapazi akupsa, pamwamba pake umaona mbali zonse, ndipo mnyamata anatilozera kuti m'kati mwa chilumbamo muli nyanja zing'onozing'ono za madzi opanda mchere, ndipo muli ng'ona. Ndinati basi, zanditsatira mpaka kuno. Tikutsika anandiuza kuti miyezi ya mvula, January mpaka March, ndisadzayerekeze kubwera osafunsa kaye za nyengo, ndi nthawi ya anamondwe, Favio anaphwasula tauni yawo mu 2007, ndipo Freddy yemwe uja anadzatisautsa ife ndi abale athu a ku Malawi mu March 2023 anali atayamba watera kufupi ndi Vilankulo mu February.

Nde funso lanu, kodi ndalama ija inapita bwino? Kwa ine eya, kamodzi. Zida zinali zakale koma zogwira ntchito, ndinaona akuziyesa pamaso panga, botolo lililonse kulinunkhiza mpweya ndi kuona kawotchi. Ofesi yawo ndiye ikufunika kukonza, mayankhidwe, mitengo yobisa zina, fomu ya Chingerezi, ndi maso aja oyang'ana munthu n'kumuyesa wogulitsa nsomba. Ndikanati ndipereke mamakisi, ofesi 4 pa 10, boti 6, mlangizi 10 ndi nkhuku pamwamba. Mukapita, shopu iliyonse imene mwasankha, funsani kaye kuti mlangizi mmodzi atenga anthu angati, ife tinali awiri pansi kwa iye yekha ndipo kwa munthu woyamba asapitirire pamenepo kwambiri. Funsani ngati ndalama ya paki ili m'kati, ngati muyamba mwaphunzira pamadzi osaya, ngati m'boti muli okosijeni. Akakuuzani kuti fomu ya zaumoyo ilibe ntchito ingosainani, tulukani.

Zimene ndinachita ine ndi zolawa chabe, sizikupatsa setifiketi. Wofuna pepala lenileni la PADI, bungwe lophunzitsa kubira, pepala limene amati Open Water, ndi masiku atatu kapena anayi ndipo limakulola kufika mamita 18 kulikonse padziko. Kwa ife a ku Angónia ndi Tsangano, ngati cholinga ndi kungoyesa kaye ngati mtima ungapirire, Cape Maclear ya ku nyanja ya Malawi ili pafupi kwambiri kudzera pa Calómuè ndi Dedza, kumenekonso amabira ndipo kuli tinsomba ta mbuna tamitundumitundu, madzi abata opanda mchere. Koma makorali kulibe, kamba wouluka kulibe, anangumi kulibe.

Dandaulo lomaliza ndi zithunzi. Ndinalipira padera kuti andijambule ndi kamera ya m'madzi, amene amajambula anali wina osati mlangizi wanga. Ananditumizira zithunzi 6, zinayi ndi mapazi a mzungu wina, chimodzi ndi thovu, chimodzi chokha ndi ine, chomwe mwachionacho, ndipo maso ndatuzula ngati kadzidzi. Vidiyo ya kamba anati atumiza madzulo omwewo.

Nditafika kumudzi ndinakaona amayi anga, ndinawafotokozera zonse, nsomba mazanamazana zikundizungulira, zina kuchita kundigunda pa mkono. Anamvetsera mpaka kumapeto akusenda nyemba, kenako amvekere "nanga zili kuti?" Ndinati amayi n'zoletsedwa kugwira, ndi za boma. "Mbuzi zitatu, nsomba zikukugunda pa mkono, iwe n'kubwera chimanjamanja?" Ndinatulutsa kapaketi ka nsomba zouma kamene ndinagula pa msika wa Vilankulo, anakanunkhiza n'kunena kuti mchere wachuluka, bola kapenta wa ku Cahora Bassa.

Vidiyo ija lero ndi tsiku la 19. Ndawakumbutsa kanayi, timizere tiwiri tabuluu tikuoneka, yankho zii. Mawa ndiwauza alamu alembe mu Chingerezi.